Sitata ya njinga yamoto yakale: kukonza, kugula ina, kapena kudalira kiki

Njinga yamoto imene yayenda zaka zambiri m'misewu ya fumbi ya ku Chadiza, Vubwi kapena kumidzi ya ku Lundazi imafika tsiku lakuti mwiniwake akadina batani, injini siilira. Pamenepo ena amamasula sitata yakale n'kuikonza, ena amapita ku Down Shops kapena kumsika wa Kapata ku Chipata kukagula yatsopano, ndipo ena amangoliiwala batanilo n'kumailiza njingayo ndi kiki.

Musanasankhe njira iliyonse, mvetserani kaye phokoso, chifukwa sitata imanamiziridwa kawirikawiri. Ngati mwadina batani koma pali zii, yang'anani fyuzi, batani lenilenilo limene limadzaza fumbi, ndiponso kaswichi ka pa kilachi kapena ka nyutulo. Ngati kukumveka tiki-tiki ndipo nyali ikuzirala, ndiye kuti batire yafooka kapena mitu yake yachita dzimbiri. Batire ya mavoti 12 yodzaza bwino imaonetsa pafupifupi 12.6 pa mita yoyezera magetsi, siyenera kutsika kwambiri pansi pa 10 pamene sitata ikuzungulira, ndipo injini ikalira iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikapanda kukwera, njingayo siikutchaja, ndipo sitata yatsopano idzafooka monga yakale ija. Relay, swichi imene imatumiza magetsi a batire ku sitata mukadina batani, nayonso imayesedwa mosavuta: njinga ili pa nyutulo, makanika amagunditsa chitsulo pa mabawuti ake awiri akuluakulu, ndipo sitata ikazungulira mwamphamvu, cholakwa ndi relay kapena mawaya opita kumeneko. Pamathetheka moto pochita zimenezi, choncho pafupi pasakhale petulo wodontha.

Zonsezi zikakhala bwino, m'pamene kukonza ndi kugula kumapikisana. Ine ndimakondera kukonza. Chimene chimatha m'sitata yakale nthawi zambiri ndi mabulashi, timakala tating'ono timene timakhudza mkuwa wozungulira, ndipo chizindikiro chake n'chodziwika: sitata imakana, koma mukaigogoda pang'ono ndi chogwirira cha sipanala imadzuka. Mukaitsegula mumapeza fumbi lakuda lodzaza m'chivundikiro, mabulashi atafupika mpaka masipuling'i sakuwakankhanso, ndi mkuwa wodetsedwa umene umawalanso ukapukutidwa ndi sandipepa wosalala. Mabulashi amagulidwa pa ndalama zochepa poyerekeza ndi sitata yathunthu, ndipo sitata imene inabwera ndi Honda XL, Yamaha AG200 kapena Bajaj Boxer kuchokera kufakitale kawirikawiri imakhala yolimba kuposa zotchipa za m'makatoni opanda dzina. Koma ntchitoyi imafuna makanika wodekha, wolemba zizindikiro pa thupi la sitata asanaimasule, pakuti ikabwezedwa mopotoka imazungulira mofooka kapena osazungulira n'komwe, ndiponso wokumbukira kalabala koletsa oilo ndi madzi kulowa mkati. Kukonza kulibe phindu ngati mawaya a mkati apsa n'kumanunkha, kapena ngati maginito asweka kapena amatuka.

Kugula yatsopano kumapambana pa nthawi. Munthu amene njinga ndiyo munda wake, wonyamula anthu pakati pa tauni ya Chipata ndi malire a Mwami, sangaimike njinga masiku awiri kudikira mabulashi oyenera, pamene kusintha sitata yonse ndi mabawuti awiri ndi waya mmodzi. Chofunika n'kupita nayo yakale kusitolo, kuwerenga mano a kumutu kwake ndi kuyerekeza kutalika kwake, chifukwa masitata a njinga za injini ya 125cc ndi 150cc amafanana maonekedwe koma onse salowana. Wogulitsa akanena kuti zonse n'chimodzimodzi, musavomere musanaziike pamodzi patebulo.

Pali vuto lina limene njira ziwirizi sizilithetsa. Sitata ikamazungulira ndi liwiro, ikulira bwinobwino koma injini osatembenuka, chatha ndi kilachi ya sitata imene pa njinga zambiri ili kuseri kwa magineto, gudumu limene limapanga magetsi m'injini, ndipo kuifikira kumafuna chida chozulira maginetowo. Ogula mothamanga amataya ndalama pamenepa.

Kiki ilibe mtengo, ndipo m'miyezi yozizira ya June ndi July ndi bwino kuyamba nayo m'mawa kuti batire ipume. Monga njira yokhalitsa, ili ndi malire. Mano a shafiti yake amadyeka, makamaka bawuti ikakhala yosamangitsa, ndipo ena amafika poiwotcherera, zimene zimadzavutitsa tsiku lotsegula injini. Komanso njinga ikazima pakati pa magalimoto pa Great East Road, kumbuyo kuli matumba a chimanga, kutsika ndi kufunafuna nyutulo n'koopsa.

Kaya mwakonza kaya mwagula, chimene chimapsereza sitata ndi kuumiriza batani pa injini yovuta kulira. Dinani masekondi osapitirira 5, pumani masekondi 10, ndipo ikakana katatu yang'anani pulagi ndi kabuleta.