Miyezi khumi ndili ndi khadi la Gold la moyo wonse

Papita miyezi khumi chilandirireni changa udindo wa Lifetime Gold wa Qantas, kampani ya ndege ya ku Australia, umene munthu amaupeza akasonkhanitsa ma status credits (mapointi amene amapatsidwa akakwera ndege) 14,000 pa moyo wake wonse. Ine ndinawasonkhanitsa pang'onopang'ono pa zaka zambiri zomwe ntchito ya migodi ya malasha ku Moatize inkanditumiza ku Australia kudzera ku Johannesburg, ndipo chimene chinandithandiza ndi chakuti maulendo a ndege zina za oneworld, mgwirizano wa makampani a ndege umene Qantas ilimo, amawerengedwanso, choncho tikiti iliyonse ndinkailembetsa pa nambala yanga ya umembala wa Qantas imodzi yomweyo.

Khadili limandiika pa mlingo wa oneworld Sapphire, umene umandipatsa mwayi wapadera pa ndege zonse za mgwirizanowu. Paulendo wanga wa posachedwa wodzera ku Doha ndi Qatar Airways ndinaima pamzere waufupi, ndinapumira m'chipinda cha apaulendo a bizinesi, ndipo katundu wowonjezera amene ndinatengera abale sanandilipiritse. Kwa munthu wa msinkhu wanga, amene msana umayamba kuwawa akadikira usiku wonse, zimenezi si zazing'ono.

Komabe pabwalo la ndege la Chingozi khadili limangokhala m'chikwama, chifukwa ndege zotera kuno ku Tete sizili mu mgwirizano uliwonse mwa itatu ikuluikulu ya oneworld, Star Alliance ndi SkyTeam. Chimene ndinachedwa kuchizindikira ndi chakuti kuno kwathu mphamvu ili ndi Star Alliance, mmene muli Ethiopian Airlines, South African Airways ndi TAP imene imalumikiza Maputo ndi Lisboa. Ntchito itatha, maulendo anga asanduka a ku Lilongwe ndi ku Maputo, kumene udindo wanga sundipindulira kwenikweni.

Amene mukuyamba kumene, werengani bwino malamulo musanadzipereke, pakuti amasiyana kwambiri. United, kampani ya ndege ya ku America, imapereka Gold wa moyo wonse pa mamailosi 1,000,000, koma imawerenga okhawo amene mwayenda pa ndege zake, ndipo zimenezo n'zovuta kwa munthu wokhala ku Angónia kapena ku Moatize. Flying Blue, ndondomeko ya apaulendo ya Air France ndi KLM, imafuna kuti mukhale pa mlingo wa Platinum zaka 10 zotsatizana kuti mlingowo ukhale wa moyo wonse, moti matenda kapena kusintha ntchito kwa chaka chimodzi kungakubwezereni m'mbuyo. Njira yosonkhanitsa mosathamanga ngati ya Qantas ndimaiona yoyenera anthu a maulendo osakhazikika ngati ife, ndipo sindidandaula nayo, ngakhale ndikanayamba lero ndikanayang'ana kaye ndege zomwe zimatera ku Lilongwe, Beira ndi Maputo ndisanasankhe kolembetsa mamailosi anga.