Kuonera Mpira m'Chigawo cha Tete: Dishi, Kebulo kapena Intaneti?

Makampani amagula ufulu woulutsa masewera, choncho musanagule chipangizo chilichonse, fufuzani kaye amene ali ndi ligi imene mumaitsatira. Premier League ya ku England imaonetsedwa ndi SuperSport pa DStv, pomwe masewera ena a Moçambola, ligi yaikulu ya mpira ku Mozambique, kuphatikizapo a União Desportiva do Songo, amaulutsidwa ndi TVM, wailesi ya kanema ya boma.

Dishi, monga ya DStv kapena ZAP, imagwira paliponse pamene pali magetsi kapena sola, ngakhale kumidzi ya ku Tsangano ndi Macanga. Kebulo ya TVCabo imafika m'madera ena amumzinda basi. Intaneti imadalira mphamvu ya netiweki ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel.

Pa mtengo, dishi imafuna ndalama zambiri poyamba, zogulira dikoda ndi kulipira womangirira, kenako malipiro a mwezi ndi mwezi. Kebulo imabwera pamodzi ndi intaneti yapanyumba. Kuonera pafoni kumaoneka kotchipa, komatu mphindi 90 za mpira zimadya mamega ambiri.

Pa kudalirika, mvula yamphamvu ya Januwale imazimitsa chithunzi cha dishi, kebulo siivutika kwenikweni ndi mvula, ndipo intaneti imachedwa, moti anansi amakuwa chigoli inu mukuonabe mpira uli pakati pa bwalo. Vuto la kuchedwali ndimaliona kuti ndi lalikulu kwa wokonda mpira weniweni.

Eni malo oonetsera mpira ku Ulónguè ndi mabanja akumudzi asankhe dishi. Kebulo ikuyenera okhala mumzinda wa Tete kumene mawaya anafika, pomwe intaneti ingathandize apaulendo ndi ogwira ntchito zamashifiti ku Moatize.