App ya kusukulu kwa mwana wanga, nditaigwiritsa ntchito materemu atatu kuno ku Joni

Amayi anzanga amene muli ndi ana ku Giredi 7, 8 kapena 9, ambiri mwakhala mukundifunsa tikaweruka kutchalitchi za app ija sukulu ya mwana wanga inatiuza kuti tiike pa foni, kuti kodi imathandizadi kapena imangodya bandulo. Ndinadikira dala kuti materemu atatu athe kaye ndisanayankhe chifukwa chinthu ukachiona sabata imodzi yokha sungachidziwe. Pano ndikunena kuti ikani, sukulu yanu ikakhala nayo musazengereze. Koma pali zina zoti mudziwiretu chifukwa ine zinandipweteka ndisanazimvetse.

Ife timakhala ku Rosettenville, ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba cha ku Randburg ndiye ndimadzuka 4 koloko, tekisi yoyamba yopita mutauni kenako ina pa renki ya Bree, pobwerera chimodzimodzi, kufika pakhomo kwada kale ndiyambenso za pamoto. Mwana ali ku pulayimale makalata ochokera kusukulu ankawaika m'chikwama pamodzi ndi buledi ndi juwisi, ndinkawapeza Loweruka pochapa atanyowa komanso tsiku la msonkhano litadutsa kalekale. Kuno pulayimale imathera Giredi 7, ndiye mu Januwale anakayamba Giredi 8 ku hayi sukulu, ndipo mukudziwa inu mwana wa msinkhu umenewu, ukamufunsa kuti kusukulu kunali bwanji amangoti kunali bwino basi, homuweki palibe, mayeso sanatiuze. Sikuti ndi mwana woipa ayi, ndi msinkhu. Ine ndinkangokhala mumdima.

Kuilowa koyamba kunandivuta. Imafuna nambala ya foni yomwe munalembetsa ku ofesi ya sukulu, ndiye ngati munasintha simu mutalembetsa kale mwana, siikudziwani. Kwa ine vuto linali lina, pamalo polemba nambala ya chiphaso panakonzedwera ID ya kuno ya manambala 13, ine ndili ndi pasipoti yathu ya ku Malawi yokhala ndi zilembo kumayambiriro, imangokana. Ndinayesa masiku atatu. Ndinachita kupempha hafu ya tsiku kuntchito kuti ndipite ku ofesi, mayi wa pa kompyuta anandikonzera mphindi zochepa chabe ndipo anandilandira mwaulemu ndithu, koma tsiku limenelo ndinaluza ndalama ya hafu dei ndi thiransipoti pa chinthu choti anakonza app akanaganizira kuti m'sukulu za ku Johannesburg muli ana a anthu ochokera maiko ena ambirimbiri.

Mukalowa muli kalendala, muli nkhani za sukulu, muli pamene aphunzitsi amaika homuweki ndi mapulojekiti, muli malikisi a mwana, muli za sukulu fizi. Ine chomwe ndikufuna nditsindike kwambiri ndi malikisi chifukwa apa ndi pamene ndinatsala pang'ono kumutaya mwana wanga osadziwa.

Kumapeto kwa teremu yoyamba ndinatsegula ndili mu tekisi, ndinaona pa masamu alemba 2, pa Creative Arts alemba 6. Ine ndinaphunzira kumudzi, ndinalemba MSCE, ndipo kwathu 1 ndi 2 ndiye pamwamba penipeni, 9 ndiye walephera. Ndiye mtima unangoti myaa, mwana wanga masamu akuwatha, zojambulazo ndi zomwe zikumuvuta pang'ono koma zilibe kanthu. Ndinamugulira mpaka chipisi tsiku limenelo ndipo iye anadya osanena kanthu, ndikuganiza ankaopa. Patapita masiku angapo ndinaonetsa mayi wina wa ku Zimbabwe amene timakwera naye m'mawa, anandiyang'ana nkundiuza kuti kuno manambala amayenda chobwerera. 7 ndiye pamwamba, kuyambira 80 mpaka 100. 6 ndi ma 70, 5 ndi ma 60, 4 ndi ma 50, 3 ndi ma 40, 2 ndi kuyambira 30 mpaka 39, ndipo 1 ndi pansi pa 30. Ndinatuluka thukuta mu tekisimo. App inandionetsa nambala koma pa tsamba lomwe ndinatsegulalo panalibe pofotokoza kuti nambalayo ikutanthauza chani, ndipo ine sindinaganize zofunsa chifukwa ndinkaona ngati ndikudziwa kale.

Kuchokera pamenepo ndinakafunsa aphunzitsi a kalasi yake bwinobwino. Giredi 7 mpaka 9 kuno amaitenga ngati gawo limodzi, amati Senior Phase, ndipo mwana amaphunzira maphunziro 9. Kuti apite kalasi ya patsogolo akuyenera kupeza 50 pa chiyankhulo chachikulu chomwe amati Home Language, kwa wanga ndi Chingerezi ngakhale kunyumba timayankhula Chichewa, apeze 40 pa chiyankhulo chachiwiri, 40 pa masamu, 40 pa maphunziro ena atatu ndi 30 pa ena awiri. Ndiye 2 uja pa masamu sanali wokwanira olo pang'ono. Komanso musayembekezere zakwathu zija zoti tsiku lotsekera akuitana nambala wani, nambala thu mpaka womaliza makolo akuomba m'manja, pa lipoti la mwana wanga palibe nambala ya m'kalasi, pali malikisi ake basi.

Apa ndi pomwe app inayamba kundigwirira ntchito zenizeni. Aphunzitsi a masamu amaika malikisi a katesiti kalikonse pakangopita masiku ochepa, ndiye sindidikiranso lipoti. Teremu yachiwiri nditaona tesiti yoyamba yabweranso pansi ndinayankhula ndi bambo ake, tinapeza mnyamata wina wa kutchalitchi amene anamaliza matiriki, yomwe ndi Giredi 12, kuno kuti azimuthandiza Loweruka masana, timamupatsa kangachepe. Teremu yachitatu yatha ali pa 4. Sali pamwamba koma wadutsa mzere ndipo iye mwini wayamba kundiuza yekha kuti amayi taonani pa foni ngati aika. Chiyankhulo chachiwiri anatenga isiZulu, ine ndinkati popeza amachiyankhula pamsewu ndi anzake palibe vuto, koma kuyankhula ndi kulemba ndi zinthu ziwiri, nazonso ndinazionera momwemo.

Kalendala ndi chinthu chachiwiri chomwe ndachikonda. Kwathu materemu ndi atatu ndipo chaka chimayamba mu Seputembala, kuno ndi anayi kuyambira Januwale mpaka Disembala, ndiye mutu wanga unkasokonezeka kuti atsekera liti atsegulira liti, makamaka ukafuna kukonza ulendo wa kumudzi kapena kupempha tchuthi kwa abwana. Pano ndimangoona. Pulojekiti ya Technology ya teremu yachitatu anaiika kudakali milungu itatu, ankafuna apange kachitsanzo ka chimakina chokwezera anthu ndi miyala mu mgodi, ndiye ndinali ndi nthawi yotola makatoni kuntchito ndi kugula guluu ndi chingwe pa malipiro a mwezi umenewo, osati zija zouzidwa 9 koloko usiku kuti mawa zikufunika. Akumanga ndinamuuza za agogo ake aamuna amene anabwera ku migodi ya kuno nthawi ya Theba, anamvetsera mpaka kusiya guluu kuuma m'manja, nkhani yomwe sindinamuuzepo chibadwire. Za Heritage Day, tsiku lokondwerera zikhalidwe la pa 24 Seputembala, nazonso tinadziwiratu kuti kusukulu adzavala zakwawo, ndinatumiza uthenga kwa achemwali ku Blantyre chitenje chinabwera pa basi, ndinakachitenga ku Park Station nkukasoketsa nthawi ilipo.

China ndi meseji ya kujomba. Tsiku lina cha m'ma 9 koloko ndikukolopa foni inalira kuti mwana wanu sanalembedwe m'kaundula lero. Miyendo inazizira, chifukwa ndinamusiya atavala yunifolomu akudikira galimoto yomwe imawatenga, ndipo Joni mukumudziwa. Ndinaimbira dalaivala, kunali kuti galimoto inafa panjira ana onse ali momwemo, anafika mochedwa. Palibe choopsa chinachitika koma kungodziwa kuti tsiku lomwe sadzafika kusukulu ndidzamva m'mawa womwewo osati madzulo, kwa ine chimenecho chokha ndi chifukwa chokwanira chosungira app imeneyi pa foni.

Tsopano zomwe sizikundisangalatsa. App payokha siilemba kanthu, amalemba ndi aphunzitsi, ndiye pa maphunziro 9 aja atatu kapena anayi okha ndi omwe amaikamo zinthu pafupipafupi, ena chiyambire chaka tsamba lawo ndi loyera ndipo mwana akati palibe homuweki ya phunziro limenelo ulibe potsimikizira. Sindikuwada aphunzitsi, makalasi ndi odzaza ndipo ntchito ndi yambiri, koma sukulu ikanagwirizana kuti aliyense aziika olo kamodzi pa sabata. Nyuzileta imabwera ngati PDF ya masamba ambiri yodzaza zithunzi, ukaitsegula pa bandulo ya tsiku yatha pompo, ine ndimadikira ndikafike kuntchito pomwe madamu anandilola kugwiritsa ntchito WiFi, nanga amene alibe mwayi umenewo atani. Chingerezi chake ndi cha muofesi, chachitali, nkhani yofunika yoti msonkhano uli Lachinayi 6 koloko imakabisala pansi pa ndime yachisanu. Ndipo sungayankhe. Iwo amakuuza iwe, koma iwe ukafuna kufunsa ulembe imelo kapena upite konko.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi cha fizi. Chikumbutso cha ngongole chimabwera mwezi uliwonse osaphonya, koma sindinaonemo pena paliponse pondiuza kuti lamulo la sukulu za kuno la 1996 limalola kholo lomwe ndalama zake ndi zochepa kupempha kuti lichotseredwe fizi, yonse kapena gawo, m'sukulu za boma zomwe zimalipiritsa. Fomu yake imatengedwa ku ofesi ndipo amaunika ndi a komiti ya sukulu yomwe amati SGB. Ine ndinamva kwa kholo lina pa geti. Ngati zikukuvutani kafunseni fomu imeneyo, musachite manyazi.

Ena mumati gulu la WhatsApp la makolo ndi lokwanira. Ine ndili m'zonse ziwiri. Gululo ndi lachangu ndipo ungafunse nkuyankhidwa, koma muli phokoso, wina akugulitsa mafuta onunkhira wina watumiza pemphero la m'mawa wina akukangana za jezi yotayika, uthenga weniweni umamira, komanso nthawi ina wina analemba kuti mawa kulibe sukulu anthu nkukhulupirira pomwe sizinali zoona. Ndiye ine ndikamva kanthu pa gulu ndimakatsimikiza pa app. Bambo a kunyumba nawonso ndinakawalembetsa ku ofesi kuti azilandira pa foni yawo, poyamba zonse zinkabwera kwa ine ndekha ngati mwanayu ndi wa munthu mmodzi.

Inu amene ana anu ali Giredi 7, dziwani kuti malo a Giredi 8 m'sukulu za boma ku Gauteng amafunsira pa intaneti ya dipatimenti ya maphunziro, osati pa app ya sukulu, ndipo mumasankha sukulu mpaka 5, app ingokuuzani masiku ngati pulayimale yanu yaikamo. A Giredi 9 yang'anirani msonkhano wosankha maphunziro a Giredi 10, makamaka nkhani yosankha pakati pa Mathematics ndi Maths Literacy, omwe ndi masamu a moyo wa tsiku ndi tsiku, chifukwa mwana akasankha yekha potsatira anzake makosi ena a ku yunivesite amadzamutsekekera, ndipo neba wanga msonkhano umenewu anaudziwira pa kalendala yomweyi.

Ndandanda ya mayeso a Novembala yatuluka kale, ndaikopera pa pepala nkumata pa chitseko cha furiji kuti tonse tiziiona olo magetsi atazima foni itatha moto. Amene mukufuna ndikuthandizeni kuika, mundipeze Lamulungu tikaweruka, mubwere ndi foni yotchaja, muchotseko mavidiyo ena kuti mupezeke malo, ndipo mukumbukire nambala yomwe munalembetsa ku ofesi.