Ma hard drive awiri a 8TB m'kakompyuta kakang'ono: ndemanga ya wojambula maukwati ku Blantyre

Ndimajambula maukwati, zinkhoswe ndi mapemphero kuno ku Blantyre, ndipo vuto lomwe lakhala likundisowetsa mtendere pa ntchitoyi ndi la malo osungira zomwe ndajambula. Ndemangayi ndi ya ma hard drive awiri a Seagate IronWolf a 8TB omwe ndinaikitsa m'kompyuta yanga ya HP EliteDesk 800 G4, ija yophwatalala yogona patebulo imene amaitcha SFF. Ndagwira nawo ntchito nyengo yonse ya maukwati, kuyambira kuzizira kwa June mpaka kutentha kwa October, ndipo ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Anthu ambiri sadziwa kuti vidiyo imadya malo motani. Kamera ikamajambula 4K pa 100 Mbps imatha pafupifupi 45GB pa ola limodzi. Ine pa ukwati ndimaimika makamera awiri. Muwerengere kukonzekera kwa mkwatibwi m'mawa, mwambo wa kutchalitchi, zithunzi, kenako madyerero ku Robin's Park kapena ku Comesa Hall. Perekaniperekani yekha amatha maola, ndipo sungazimitse kamera, chifukwa azakhali a mkwati adzafuna kudziona akuvina ndi ndalama m'manja, nawo a kuntchito kwa mkwatibwi chimodzimodzi. Pofika madzulo ndimakhala ndanyamula 400GB kapena 500GB. Kufufuta sindingathe msanga. Pamatha chaka banja n'kubwera kudzanena kuti fulashi ija inasowa, kapena kuti agogo omwe anali pa ukwatiwo anatisiya ndipo akufuna kachigawo komwe ankalangiza ana awo. Zoterezi ukawauza kuti unafufuta, dzina lako limaipa dera lonse.

Chinthu choyamba kuona si hard drive, ndi kompyuta yomwe mukufuna kuikamo. M'tauni muno mwadzaza makompyuta a m'maofesi ochokera kunja, a HP, Dell ndi Lenovo, ndipo ndi abwino pa mtengo wake. Koma tating'ono kwambiri tija, totchedwa Mini, Micro kapena Tiny, sitilandira hard drive yaikulu ya mainchesi 3.5. Timangolandira ya mainchesi 2.5 ngati ya laputopu, ndipo zopyapyala zamtunduwo zimathera pa 2TB. Ma SFF ambiri ali ndi malo a drive yaikulu imodzi yokha. EliteDesk 800 G4 ya SFF ili ndi malo awiri a mainchesi 3.5, kuphatikizanso malo awiri pa motherboard a SSD ya M.2, kadrive kakang'ono kothamanga kopanda zozungulira m'katimo, ndipo n'chifukwa chake ndinaisankha. Windows ndi ntchito yomwe ndikuedita zimakhala pa SSD, ma hard drive ndi nkhokwe basi. Musanapereke ndalama, muuzeni wogulitsa atsegule chivundikiro muone nokha malowo, chifukwa kunja makompyutawa amaoneka ofanana.

Anandiikira ndi bambo wina wokonza makompyuta cha ku Ginnery Corner, ndipo ntchito yawo ndinakhutira nayo. M'kompyutayi drive simangidwa mwachisawawa. Pamafunika ma screw anayi apadera okhala ndi kalabala kabuluu, omwe amamangidwa m'mbali mwa drive, kenako drive ija imatsetsereka m'timizere ta chimango mpaka kumveka kuti khwa. Kalabalako ndi kamene kamachepetsa kunjenjemera. Ma screw amenewa sabwera ndi hard drive, ndipo kompyuta yogula yogwiritsidwapo kale nthawi zambiri imafika ilibe. Bambowo anafufuza m'kachitini kawo ka zitsulo zochotsa m'makompyuta akufa mpaka anapeza asanu ndi atatu, n'kupezanso chingwe chachiwiri cha SATA, cholumikiza drive ku motherboard, chokhota kumutu, poti chowongoka chimakanika chimango chikatsitsidwa. Ndinawafunsa ngati magetsi a m'katimo angakwane. Anati, "Achimwene, power supply iyi ndi ya 250W, ma drive awiri siingalephere. Koma mukadzaonjeza graphics card yolemera, mudzabwerenso tidzakambirane." Zoonadi, mpaka lero kompyuta sinakanepo kuyaka, ngakhale kuti drive yaikulu imakoka magetsi ochuluka panthawi yoyamba kuzungulira.

Mukayatsa Windows musadabwe kuona 7.27TB m'malo mwa 8TB. Sanakuberani. Opanga ma drive amawerenga ndi ma 1,000 pomwe Windows imawerenga ndi ma 1,024. Chinanso, pokonza drive yatsopano, Windows ikakufunsani njira yoigawira, sankhani GPT. Mukasankha MBR mudzangoona 2TB, kwinako kudzakhala kosagwiritsika ntchito. Kwa ine drive imodzi imalowa maukwati pafupifupi 15 osadula kalikonse.

Pali nkhani ina yomwe ogulitsa ambiri satchula, koma kwa ife ojambula ndi yofunika kwambiri: kusiyana kwa CMR ndi SMR. Mu drive ya SMR timizere tolembamo timasanjikizana m'mbali ngati malata a denga, moti kuti usinthe limodzi umayenera kutukulanso loyandikana nalo. Izi zimathandiza kupanikizamo zambiri pa mtengo wotsika, koma ukamathiramo mafayilo akuluakulu kwa nthawi yaitali, makamaka drive itayamba kudzaza, liwiro limagwa kwambiri. Mu CMR mzere uliwonse uli pawokha. Mu 2020 zinadziwika kuti ma WD Red ena a pakati pa 2TB ndi 6TB anali a SMR, ndipo pambuyo pake kampani ya Western Digital inatulutsa dzina la WD Red Plus la ma drive a CMR. Kwa Seagate, IronWolf ndi ya CMR, pomwe BarraCuda ya 8TB ndi ya SMR ndipo imatsikirapo mtengo. Munthu wongosunga zithunzi za banja BarraCuda ingamukwanire. Koma wothira 500GB Loweruka lililonse usiku, Lamulungu m'mawa n'kufuna makhadi opanda kanthu kuti akajambule kwaya, alipire ndalama yoonjezerayo.

Pa liwiro ndilibe dandaulo. Kukopera kuchoka pa SSD kupita pa drive kumayenda cha m'ma 200MB pa sekondi drive ikakhala ndi malo ambiri, choncho ukwati wathunthu umasamuka m'mphindi zosakwana 50. Ikamadzaza liwiro limatsikako, monga zimakhalira ndi hard drive iliyonse yozungulira. Mukaona kukopera kuchokera pa memori khadi kukuchedwa, musafulumire kunena drive, onani kaye ngati card reader yanu ili ya USB 3 komanso mwailowetsa pa bowo la USB 3, chifukwa USB 2 siipitirira 40MB pa sekondi. Kuedita 4K ya makamera awiri mwachindunji kuchokera pa hard drive kumadodoma ndikamadumphadumpha pa timeline mu pulogalamu yoeditira ya DaVinci Resolve, ndiye ntchito ya sabata imeneyo ndimaisamutsira pa SSD, ikatha ndimaibweza.

Lamulungu lina ndimanyamula kompyutayi kupita nayo kutchalitchi, komwe timaulutsa mapemphero pa Facebook kudzera mu pulogalamu ya OBS kwinaku tikusunga vidiyo pa drive. Apa drive siivutika n'komwe. Chomwe ndikupempha anzanga ochita ntchito yomweyi n'chakuti muzijambula mu MKV, osati MP4 wamba. Magetsi akathima pakati pa ulaliki, fayilo ya MP4 yomwe sinatsekedwe bwino imakana kutseguka, pomwe ya MKV imasunga zonse mpaka pomwe magetsi anathimira. Mukamaliza, OBS yomweyo ili ndi posinthira MKV kukhala MP4 m'kanthawi kochepa popanda kuwononga chithunzi. Ponyamula, dikirani kompyuta izime kaye ndithu, ndipo muiike pampando wagalimoto osati m'buti, poti mabampu a misewu ya kwathu ku Ndirande si abwenzi a hard drive.

Nyenyezi yachisanu ndaimana pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi phokoso ndi kutentha. Ma drive akuluakulu ozungulira ka 7,200 pa mphindi onse amang'ung'udza ndiponso kugogoda akamafufuza mafayilo, ndipo awiri akakhala m'kabokosi kopanikizika zimamveka. Masana sindizimva, koma usiku ndikamajambula mawu a malonda a pawailesi m'chipinda chomwecho maikolofoni imatola, moti ndimayenera kuika kompyuta pansi kutali ndi tebulo. Pa kutentha, ndimayang'ana ndi pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo. Mwezi wa June ma drive ankakhala cha m'ma 38°C, koma mu October, ndikukopera masana, ya mkati kwambiri inafika 49°C. Bambo aja anandiikira kafani kakang'ono kopemerera pa chimango ndipo inatsikira m'ma 42°C. Fumbi la chilimwe nalo limatseka timabowo takutsogolo msanga, ndiye mwezi uliwonse ndimatsegula n'kupemerera. Musaike kompyutayi m'kabati yotseka, ndiponso musaunjike mabuku kapena nsalu pamwamba pake.

Chachiwiri ndi mtengo. Zinthu izi zimayendera dola, ndipo chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zipangizo za kompyuta inakwera kwambiri. Drive imodzi inandidya ndalama zoposa zomwe ndinagulira kompyuta yonseyo. Pamwamba pake muwerengerenso UPS, kabokosi ka batire kothandiza kuti kompyuta isazime magetsi akathima, chifukwa popanda iyo mukuseweretsa ndalama zanu. Kathimidwe ka magetsi ka kuno tonse tikukadziwa, ndipo kuzima mwadzidzidzi drive ili mkati molemba ndi kumene kumaononga mafayilo. UPS yaing'ono yokupatsani mphindi zochepa zoti muimitse kukopera ndi kuzimitsa bwino ndi yokwanira.

Anzanga ena amandifunsa chifukwa chake sindinalumikize ma drive awiriwa kuti akhale 16TB. Sindinagule yachiwiri kuti ndichulukitse malo, ndinagula kuti ukwati uliwonse ukhale pawiri. Hard drive iliyonse, kaya ndi ya kampani iti, tsiku lina idzafa, ndipo ukwati subwerezedwa. Sindinagwiritsenso RAID 1, njira yomwe kompyuta imalemba chilichonse pa ma drive onse awiri nthawi imodzi, chifukwa imeneyo ukafufuta fayilo mwangozi imafufutika mbali zonse nthawi yomweyo. Ndimagwiritsa pulogalamu yokopera mafayilo ya FreeFileSync, yomwe ndimaiyendetsa ndikamaliza ntchito madzulo, ndipo ndinaitchera kuti zofufutidwa izizisunga kaye m'foda ina. Memori khadi sindiifufuta mpaka nditaona ukwatiwo uli pa ma drive onse awiri ndipo ndatsegulako mafayilo angapo. Ngakhale zili choncho, ma drive onsewa ali m'bokosi limodzi, ndiye wakuba kapena mphenzi ya dzinja ingatenge onse pakamodzi. N'chifukwa chake mavidiyo omaliza kuedita, omwe ndi ang'onoang'ono, ndimawakoperanso pa drive yakunja yomwe imakhala kwa mayi anga ku Chilomoni. Zoti ndiziika pa intaneti sizingatheke ndi ma bandulo athuwa, 500GB ndi katundu.

Pogula samalani kwambiri. Shopu ina ku Limbe anandionetsa drive yomwe ankati ndi yatsopano, ili m'pepala lake lonyezimira, mtengo wotsika mokopa. Nditapempha kuti tiilumikize tione mu CrystalDiskInfo, inaonetsa kuti yagwira kale maola opitirira 20,000, zomwe ndi zaka ziwiri ndi miyezi ikuyaka usana ndi usiku. Ndinaisiya pomwepo. Wogulitsa wokana kuti muyese musamugule. Onaninso nambala ya drive pa tsamba la Seagate loonera waranti. IronWolf imabwera ndi waranti ya zaka 3, koma funsani wogulitsayo kuti drive ikafa ndani adzaibweze kunja, ndipo yankho lake alembe pa lisiti. Komwe ndinagula ine anavomera zonsezi mosanyinyirika, ndipo ma drive onse awiri ndinawayesa podzaza mafayilo usiku wonse ndisanaikemo ntchito ya kasitomala.

Ngati mumajambula 1080p yokha, kapena timavidiyo tifupitifupi ta pa TikTok ndi WhatsApp, 8TB ndi yochuluka, ma drive awiri a 4TB a CMR akukwanirani ndipo mupulumutsa ndalama yogulira UPS. Amene muli kale ndi kakompyuta ka Mini musavutike kukakamiza drive m'katimo. Gulani bokosi lakunja la mainchesi 3.5 la USB 3 lokhala ndi adaputala yakeyake ya 12V, ndipo adaputalayo muilumikizenso ku UPS pamodzi ndi kompyuta.