Canon EOS 6D yanga patatha miyezi ndikudyera kujambula basi

Chisiyireni ntchito ya mu ofesi chaka chatha kuti ndizijambula zithunzi basi, anzanga akhala akundifunsa ngati kamera yomwe ndinayamba nayo ikupirira. Ndi Canon EOS 6D, mtundu womwe unatuluka mu 2012, ndipo ndinachita kugula kwa munthu. Ikupirira ndithu.

Mphamvu yake imaonekera pamdima. Maholo ambiri a ukwati kuno ku Lilongwe kuwala kwake n'kochepa, ndipo perekaniperekani amafika pachimake dzuwa litapendeka kale. Ndimakweza ISO (mlingo wa momwe kamera imamvera kuwala) kufika pa 3200, nthawi zina 6400, ndi lenzi ya 50mm f/1.8 yomwe imalowetsa kuwala kochuluka, ndipo nkhope za amayi akuvina ndalama zili m'manja zimatuluka bwinobwino, moti ngakhale thukuta la pamphumi limaoneka. Koma pa ma focus point 11 omwe kamerayi ili nawo (timadontho tomwe imalunjikira kuti munthu aoneke bwino pachithunzi), lapakati lokha ndilo lodalirika. Enawo amasochera anthu akangoyamba kudumpha.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi malo olowetsa khadi yosungira zithunzi. Alipo amodzi okha, a SD, pamene ukwati subwerezedwa. Khadi itati yafa mkwati atavala kale mphete, ungawauze chiyani ankhoswe? N'chifukwa chake kutchalitchi ndimagwiritsa ntchito khadi ina, kuphwando ina, ndipo ndikafika kunyumba ndimayamba ndakopera zonse pa ma hard drive awiri ndisanakhudze nsima. Shutter ya kamerayi, kachitseko kamene kamatseguka n'kutsekeka pojambula, inapangidwa kuti ijambule pafupifupi ka 100,000, ndipo maukwati amaidya msanga. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zochokera kunja zakwera mtengo koopsa, choncho pa ntchito iliyonse ndimapatula kangachepe kodzagulira kamera ina.

Kunena zoona, chovuta pa ntchitoyi ndi nyengo. Kuyambira Ogasiti mpaka Disembala, Loweruka silidutsa popanda ukwati kapena chinkhoswe. Januwale akangolowa, maganizo a anthu amakhala pa fizi ndi feteleza, foni n'kukhala zii mpaka Malichi. Miyezi imeneyo malipiro a pakutha pa mwezi ndimawasowa kwambiri. Ndimapulumukira zithunzi za pasipoti ndi za katundu wa amayi ogulitsa zitenje ndi makeke pa Facebook ndi WhatsApp. Tsopano sindinyamula chikwama munthu asanatumize theka la ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Kujambula kumatha tsiku limodzi, koma kusankha ndi kukonza zithunzi pa kompyuta kumatenga masiku, magetsi akazima ntchito n'kuima.

Amene akufuna kuyamba ndi zithunzi za anthu ndi za katundu, 6D yakale imukwanira ndipo asaope kugula. Wa maukwati okhaokha adikire pang'ono, awonjezere ndalama, apeze 5D Mark III yomwe imasunga chithunzi chimodzi pa makhadi awiri nthawi imodzi.