Sound Ancestors kapena Haram: muyambe ndi chiti?

Zimbale ziwirizi zinatuluka chaka chimodzi, 2021, koma kamvetseredwe kake n'kosiyana.

Sound Ancestors cha Madlib, wokonza zoimbira wa ku America, chilibe rapu. Ndi zing'wenyeng'wenye zimene Madlib ankatumiza kwa Four Tet, wokonza nyimbo wa ku London, iye n'kuzisanja mpaka kukhala chimbale chimodzi. Mawu amene mumamvamo ndi otapidwa m'malekodi akale. Pa "Road of the Lonely Ones" mawu oimba a soul amalira mopatsa chisoni, ng'oma ikugunda pang'onopang'ono pansi pake. Mutha kuchimvera mukuchapa kapena muli mu minibasi, sichikukakamizani kutchera khutu.

Haram, chimbale cha rapu cha Armand Hammer ndi The Alchemist, ndi nkhani ina. Pachikuto pali mitu ya nkhumba yodulidwa, ndipo nyimbo zake n'zolemera chimodzimodzi. The Alchemist ndiye anakonza zoimbira, kwina ng'oma sizimveka n'komwe, ndipo billy woods ndi ELUCID, a gulu la Armand Hammer la ku New York, amalakatula mawu othinana okhudza tsankho, umphawi ndi zipsera za utsamunda. Woods anakhalako ku Zimbabwe ali mwana, kwawo kwa bambo ake, choncho akamatchula za Africa salankhula zongomva. Chimbale ichi chimafuna mahedifoni ndi kukhala pansi, chifukwa mzere umodzi umakubwezerani kumbuyo kangapo musanaumvetse.

Ine mtima wanga uli pa Haram, makamaka "Falling Out the Sky" pomwe pali woimba rapu wina, Earl Sweatshirt. Koma ngati Chingerezi cha rapu chimakuthamangirani, yambani ndi Madlib.