Sunagoge wakale wa ku Cape Town: pitani, koma osati Loweruka

Inu akwathu a ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula amene mukugwira ntchito ku Cape Town, tsiku lina mukapuma kaoneni South African Jewish Museum, nyumba yosungira mbiri ya Ayuda, pa Hatfield Street, m'mbali mwa Company's Garden. Ine anandiperekezako mphwanga wogwira ntchito ya m'galadeni, amene ankangodutsa pamenepo poganiza kuti ndi tchalitchi cha azungu.

Mumayambira mu sunagoge wakale wa mu 1863, woyamba kumangidwa m'dziko la South Africa. Mpingo utakula anamanga wamkulu pafupi pomwepo mu 1905, ndipo mmenemo akupempherabe. Wakaleyu sanamugwetse. Anamukonza n'kuikamo mipukutu ya Torah (mabuku asanu a Mose) ndi ziwiya zasiliva za pa mapemphero. Ineyo, amene ndimaphunzitsa Sande sukulu, mawu oti sunagoge ndinkangowawerenga m'buku la Luka. Kuima m'kati mwake n'kuona malo osungira mipukutu, ndalama yolowera inandikwanira pomwepo. Ndinakumbuka nyumba zakale za pa Chiromo zimene tikungoziyang'ana zikugwa.

Nyumba yonse yosungira mbiriyi anaitsegula ndi Nelson Mandela mu 2000. Muli nkhani ya Lazar Sidelsky, loya wachiyuda amene anamulemba ntchito Mandela ali mnyamata ku Johannesburg, ndi ya mayi Helen Suzman amene ankatsutsa tsankho m'nyumba ya malamulo. Koma pamene ndinachedwa kwambiri ndi pansi, pamene anamanga kamudzi kofanizira Riteve wa ku Lithuania, dziko limene Ayuda ambiri a ku South Africa anachokera. Tinyumba tamatabwa, kagolosale, malo a telala. Anthuwa anabwera pa sitima yapamadzi ali amphawi, ena n'kumayenda m'mafamu kugulitsa katundu wapamsana. Mphwanga anaima pamenepo nthawi yaitali, kenaka akuti, "Amalume, awanso anali othawa umphawi."

Muli tizosema ting'onoting'ono ta ku Japan totchedwa netsuke. Ena amatikonda, ine ndinangodutsa. Zolemba ndi zambiri ndipo ndi za Chingerezi, choncho osapita mothamanga.

Tengani pasipoti, pageti amafunsa chiphaso. Loweruka amatseka chifukwa ndi Sabata lawo. Njala ikakupwetekani pali Café Riteve pabwalo pomwepo, koma nyama musaifunse: amagulitsa zamkaka, ndipo pa malamulo a Ayuda a zakudya nyama saiphatikiza ndi zamkaka.